Siteshoni yathu ili ku Chipoka

Lolemba, Mzuzu

Kukuzizira monga mwa masiku onse a Julaye. Nkhungu yatsika usiku, moti pofika 9 koloko m'mawa nyumba za tsidya la dambo zinali zisanaoneke. Ndatseka shopu msanga, ndasiyira mnyamata makiyi ndi buku la ngongole, zikwama tamanga kale. Mawa tikunyamuka atatu: ine, mwana wanga wamkazi wa zaka 10, ndi amalume anga.

Ulendowu unayamba ndi homuweki. Sukulu zisanatsekere, mwanayu anauzidwa kuti ajambule zinthu zinayi zoyendera. Galimoto, ndege ndi sitima ya pamadzi anajambula osavutika, poti bwalo la ndege lili m'kati mwenimweni mwa tauni yathu, ndipo Ilala anaionapo ku Nkhata Bay. Pa chachinayi pensulo inaima. "Adada, matayala a sitima ya pamtunda ndi a mphira?" Wabadwira kuno, wakulira kuno, njanji sanaipondepo. Ndipo si iye yekha. Kuchokera ku Jenda kukafika ku Songwe palibe pamene sitima ya pamtunda imayenda.

Amalume anamva funsolo ali pakhonde. Iwo anali kalaliki wa katundu pa siteshoni ya Chipoka kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano amakhala nafe ku Chibavi chifukwa miyendo imawavuta. Anandiitana. "Mphwanga, mwanayu ukumulakwira. Anthu a kuno siteshoni ali nayo, kungoti anaiiwala. Ili ku Chipoka." Ndinkayesa akuseleula, poti Chipoka ali m'boma la Salima, makilomita oposa 300 kuchokera kuno. Koma sanaseke. Ndiye tikupita kuti akationetse.

Lachiwiri, Salima

Tafika dzuwa litapendeka, otopa kwambiri. Tinadzera msewu wa m'mbali mwa nyanja, wa M5. Ukangotsetsereka kuchoka ku Mzuzu, majuzi amayamba kuvulidwa m'basi mmodzimmodzi, ndipo pofika m'minda ya mphira ya ku Vizara aliyense amakhala atatsegula windo. Chintheche, Dwangwa ndi nzimbe zake zosatha, Nkhotakota kumene tinadya mpunga ndi chambo, kenako fumbi ndi maenje.

Amalume njira yonse ankawerenga mathiraki. Akaona lonyamula shuga kapena feteleza ankangogwedeza mutu, n'kutchula nambala chapansipansi. Ine malonda anga ndi simenti, malata ndi misomali, choncho ndinkadziwa chimene akuwerengacho. Thumba lililonse la simenti limene ndimagulitsa limabwera pa matayala, ndipo wogula amalipira dizilo, matayala ndi maenje onsewa, ngakhale pa lisiti timangolemba kuti simenti.

Tikulowa m'tauni, basi inachepetsa liwiro, inagunda kawiri pansi, gu-gu. Amalume anagwira phewa la mwana. "Wamva? Imeneyo ndiye njanji." Anasuzumira pa windo koma zinali zitadutsa kale. Wagona akudandaula kuti sanaione bwino.

Lachitatu, Chipoka

Kuchokera ku Salima ndi pafupifupi makilomita 30 kulowera kummwera. Tinakwera minibasi ya m'mawa, yodzaza madengu opanda kanthu a amayi okagula nsomba. Kumanja mapiri a ku Dedza, kumanzere chigwa cha milambe, ndipo malo ena njanji imayenda pafupi ndi msewu, imabisala m'tchire, n'kutulukiranso.

Amalume sanafune kupuma ngakhale kumwa tiyi. Ndodo m'manja, anatitsogolera okha, ndipo ndinadabwa kuona mmene miyendo yovutayo imakumbukirira njira. Titafika anaima nthawi yaitali osalankhula. Siteshoni ndi yaing'ono. Munthu wozolowera depoti ya basi ya ku Mzuzu, ndi phokoso la oitanira, angathe kuidutsa osadziwa kuti wadutsa pa siteshoni. Panali zii. Mbuzi zinkadya udzu womera pakati pa miyala ya njanji, ndipo amayi awiri anadutsa atasenza nkhuni, akuponda m'njira imene mapazi a anthu anapanga modula njanjiyo.

Mwana ndiye sanaone kuti pali zii. Anathamangira pa njanji, anagwada, anaigwira ndi manja awiri, n'kuisiya msanga chifukwa inali itatentha kale. Amalume anatulutsa chingwe m'thumba la jekete, chimene sindinadziwe kuti anatenga. Anamuuza kuti agwire nsonga imodzi m'kati mwa chitsulo china, iwo anakokera ku chinzake, n'kumanga mfundo. "Mamilimita 1,067. Kuyambira pano mpaka ku Nacala, mpaka ku Beira, mpata wake ndi womwewu. Ukachepa kapena kuchuluka ndi chala chimodzi, sitima yagwa." Kenako anamuyankha funso lake lija. Matayala ndi achitsulo, ndipo ali ndi mlomo wotsikira m'kati mwa njanji, umene umaletsa kuti asaterereke. Woyendetsa alibe chiwongolero. Amene amasankha kumene sitima ikhotere ndi munthu woima pansi, wokoka chitsulo cha pa mphambano. Mwanayu anakana kukhulupirira mpaka atamuonetsa mphambanoyo, pamene zitsulo ziwiri zosongoka zimasuntha n'kutsamira uku kapena uku. Anamuonetsanso kampata kamene kamasiyidwa polumikiza zitsulo kuti zikatentha ndi dzuwa zipeze kofutukukira. Kampata kameneko ndi kamene kamachititsa sitima kulira kuti kete-kete, kete-kete.

Titakhala pamthunzi, anayamba mbiri, ndipo ndikuilemba pano mmene ndaigwirira, poti zambiri za izo ine ndemwe ndinkangozidziwa mwapatalipatali.

Njanji m'dziko muno inayambira kummwera. Kale katundu wa azungu ankakwera ndi zombo mu Zambezi ndi mu Shire, kenako amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye mapiri kupita ku Blantyre. Madzi a mu Shire atayamba kuchepa, zombo zinkatitimira mumchenga. Choncho anamanga njanji kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo mpaka ku Blantyre, ndipo inatsegulidwa mu 1908. Mu 1915 anaitalikitsa kukafika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ya tsidya linalo, yochokera cha ku Beira, inafika nayonso pa mtsinjewo, koma katundu ankafunikabe kutsitsidwa, kuwolotsedwa pa chombo, n'kukwezedwanso. Vuto limeneli linatha mu 1935 pamene anamaliza mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre, yodzera ku Balaka ndi ku Golomoti, inafika ku Salima, ndipo panjira inakhudza nyanja pano pa Chipoka.

Apa amalume anagogoda pansi ndi ndodo. "Inafika ku Salima, basi inaima. Zaka zoposa 40 osasuntha." Ku Lilongwe inadzafika mu 1979, ku Mchinji mu 1980, ndipo pamene inadzasuntha inakhotera kumadzulo. Kumpoto sinayang'aneko.

Chimene chimandipweteka m'mbiri imeneyi ndi nkhani ya ngongole. Boma la Nyasaland linasenzedwa udindo wolipira chiwongoladzanja cha ngongole za njanji ya tsidya la Zambezi ija, ngakhale inali m'dziko la Apwitikizi, ndipo ngongole zinanso zinabwera ndi mlathowo. Ndalama za boma zimenezo mbali ina zinkachokera ku msonkho wa nyumba, umene munthu wa ku Mzimba ankalipira chimodzimodzi ndi wa ku Thyolo. Kuti aupeze msonkhowo, abambo a kumpoto ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena osabwerakonso, amene timawatchula kuti machona aja. Analipira njanji imene sinafike kwawo.

Ndinawafunsa amalume kuti nanga bwanji akuti siteshoniyi ndi yathu, ngati zinthu zinali choncho. Anati ndidikire mawa, tikapite kudoko.

Masana tadya nsima ya usipa pa kalesitilanti ka pafupi ndi msika. Mayi wake wa malowo, wachikulire ndithu, atamva zimene tabwerera anakoka mpando. Anati ali mtsikana ankagulitsa zitumbuwa ndi nzimbe pa mawindo a sitima ya anthu. Sitima ikalira kutali, mudzi wonse unkadzidzimuka: wa thobwa, wa nsomba zowamba, wa mazira owiritsa, anyamata a ganyu yonyamula katundu. Mphindi zochepa zimene inkaimazo ndiye zinali msika wa tsikulo. Ankapereka chinthu pa windo sitima itayamba kale kuyenda, n'kumathamanga nayo kudikira kuti wogulayo aponye ndalama. "Ambiri ankaponya," anatero. Fizi ya ana ake awiri oyamba inachokera pa mawindo amenewo. Lero sitima ya anthu siimanso pano, ndipo msika unasamukira kumsewu, kumene amathamangira minibasi.

Tagona pa nyumba ya alendo yaing'ono. Udzudzu ndi wambiri, ndipo mwana akuti kutentha kwa kuno usiku wa Julaye kukufanana ndi masana a Okutobala kwathu.

Lachinayi, Chipoka

Mwera wawomba usiku wonse. M'mawa nyanja inali yotuwa, mafunde akumenya gombe, mabwato ambiri atakokeredwa kumtunda.

Kuchokera pa siteshoni pali kanjanji kopatuka kolowera kudoko. Tinakatsata pang'onopang'ono, amalume akupumira panjira kawiri. Pa geti mlonda anatiuza mwaulemu kuti sitingalowe popanda chilolezo, ndipo sitinakakamire. Tinaima kunja kwa mpanda, pamene timatha kuona nyumba zosungiramo katundu ndi malo oimapo zombo. Panalibe chombo.

"Taona njanjiyo kumene ikuthera," anatero amalume. Ikuthera pamadzi. M'madoko onse a nyanja yathu, Monkey Bay, Nkhata Bay, Chilumba, ndi pano pokha pamene njanji imafika. Ndipo kwa zaka zambiri kampani ya njanji ndiyo inkayendetsanso zombo za panyanja, kuyambira nthawi ya Nyasaland Railways mpaka ya Malawi Railways. Mabwana anali amodzi, mabuku amodzi. Bogi ikabwera kuchokera ku Limbe itadzaza mchere, sopo, malata, simenti ndi nsalu, amalume ankawerenga katunduyo, kufananitsa ndi mapepala, anyamata n'kumusamutsira m'chombo. Patapita masiku ochepa amakhala ali pa Nkhata Bay, n'kukwera lole makilomita osakwana 50 kupita ku Mzuzu. Pobwerera chombo chinkabwera ndi mpunga wa ku Karonga ndi zokolola zina, komanso anthu: ana a sukulu, asilikali, amayi otsatira amuna awo m'tauni, amene ankatsika chombo n'kukwera sitima pomwepa. "Nyanja ndiye inali njanji ya kumpoto. Ife pano tinali polumikizira."

Ndinakhala chete. Mzuzu ndi tauni yaing'ono pa zaka. Inayamba m'ma 1940 ngati malo a esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake amayengera mafuta, ndipo inadzakhala mzinda mu 1985. Ndinayamba kuganiza za nyumba zakale za m'tauni mwathu, kuti mwina malata ena amene ali pa madenga ake anadutsa pa geti limene ndaimali.

Ilala yeniyeniyo inadzera pano isanakhale chombo. Anaimanga mu 1949 ku Scotland, pafupi ndi Glasgow, kenako anaiphwasula, zidutswa zake zinabwera pa chombo mpaka ku Beira, n'kukwera sitima kudzafika ku Chipoka. Atailumikizanso inayamba ntchito mu 1951, ndipo mpaka lero ikadali njira ya anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe. Mwana anafunsa kuti chombo chachikulu chotero chinakwana bwanji pa mpata wa chingwe chake chija. Amalume anaseka koyamba chifikireni, n'kumufotokozera kuti chinabwera ngati nyumba yosamangidwa, chitseko payekha, denga payekha.

Kusekako sikunakhalitse. Atayang'ana mafunde anakumbukira Vipya, chombo chimene chinalipo Ilala isanabwere, chotchedwa dzina la mapiri athu omwe a Viphya. Chinamira pa 30 Julaye 1946, nyengo ngati ino ya mwera, cha kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba. Anthu 145 anafa. Amalume anali asanabadwe, koma akuti pamene ankayamba ntchito panali akuluakulu ena amene ankalitchula dzinalo motsitsa mawu. Ndadutsa pa Chitimba kambirimbiri popita ku Karonga, ndimagulapo nsomba, koma sindinayambe ndayang'ana madzi a pamenepo ndi maganizo amenewa.

Nthawi imene amalume amaikonda kwambiri kuinena ndi ya nkhondo ya ku Mozambique. Cha m'ma 1983 ndi 1984 njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinatsekeka, ndipo dziko lathu, lopanda doko la panyanja yamchere, linatsala ngati nyumba yotsekedwa zitseko zonse ziwiri. Katundu ankazungulira pa mathiraki kudzera ku Zambia ndi Zimbabwe mpaka ku Durban, mtengo wake n'kukwera koopsa. Apo ndi pamene boma linatembenukira kumpoto. Katundu azitsikira ku Dar es Salaam, akwere njanji ya TAZARA mpaka ku Mbeya, alowe pa Songwe pa mathiraki, atsikire ku doko la Chilumba, adutse panyanja, adzakwere sitima pa Chipoka. Madoko a Chilumba ndi Chipoka anakonzedwa kuti azilandira makontena ndi mafuta, ndipo panali zombo zake za ntchitoyo, monga Katundu ya makontena ndi Ufulu ya mafuta.

"Kwa nthawi yoyamba katundu wa kunja ankachokera kumpoto kupita kummwera," anatero amalume. "A ku Blantyre ankadikira zochokera kwanu." Anati kwanu, ngakhale akudziwa bwino kuti kwathu kwenikweni ndi ku Dedza, ndipo ku Mzuzu ndinangopitirako malonda. Sindinawakonze. Zaka 18 ndakhala kumeneko, ana anga amalota m'Chitumbuka.

Nanga chinapha doko n'chiyani? Amalume sanaloze chala munthu mmodzi. Nkhondo itatha mu 1992, njira za ku Mozambique zinayamba kutseguka. Misewu inakonzedwa, ndipo thiraki limatenga katundu pakhomo la fakitale n'kukamutula pakhomo la shopu, popanda kutsitsa ndi kukweza kawiri. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 njanji ndi zombo zinalekanitsidwa kukhala makampani awiri, ndipo mu 1999 njanji inaperekedwa kwa kampani yoima payokha ya Central East African Railways. Mu 2003 madzi osefukira anakokolola mlatho wa njanji pa mtsinje wa Rivirivi, pafupi ndi Balaka, mbali yonse ya kuno n'kudukiratu kwa kanthawi ndithu. Nyanja nayo ili ndi zake. Pano ndi posaya, mchenga umaunjikana, ndipo zaka zimene madzi anatsika kwambiri zombo zinkalephera kufika pa doko. Chilichonse mwa zimenezi pachokha chikanapiririka. Zinangobwera motsatizana.

Pobwerera tinakumana ndi bambo wina wokalamba akusoka ukonde pansi pa mtengo. Anayang'anitsitsa amalume, anaika singano pansi, n'kufuula kuti, "Akalaliki! Mukadali moyo?" Anali mmodzi wa anyamata onyamula katundu masiku amenewo. Anagwirana manja osasiyana, akufunsana za anzawo mmodzimmodzi, ndipo mayankho ambiri anali akuti anatisiya. Ine ndi mwana tinawasiya okha, tinapita kukaona asodzi akuyanika usipa pa thandala. Titabwerako patapita ola tinawapeza akukangana za kulemera kwa thumba la mchere, wina akuti anali kulinyamula yekha, wina akuti bodza, ankathandizana awiri.

Bamboyo ndi amene watiuza kuti sitima ya katundu imadutsa masiku ena, ndipo anamva kwa anyamata okonza njanji kuti mwina mawa idutsa.

Lachisanu, Chipoka

Tinayenera kubwerera lero. Mwana anachonderera, amalume anakhala ngati sakumva koma nsapato anali atavala kale. Ndinaimbira mnyamata wa ku shopu kuti tifika mawa.

Tinakhala pa siteshoni kuyambira 7 koloko. Pofika 10 koloko kunabwera kangolo ka anthu okonza njanji, amuna angapo ovala zowala atanyamula mafosholo ndi zitsulo. Anatsika, anayang'ana pa mphambano, anathira mafuta, n'kupitirira. Tinawafunsa za sitima, anati ikubwera koma nthawi sangalonjeze. Dzuwa linakwera. Tinagula chinangwa chootcha. Mwana anatola mwala umodzi wa pa njanji n'kuuika m'thumba kuti akaonetse anzake, koma amalume anamuona. "Iwe mdzukulu, bweza. Aliyense wobwera pano akatenga umodzi, njanji ikhala pa chiyani?" Anamufotokozera kuti miyalayo ndi imene imagwira njanji kuti isasunthe ndiponso imapititsa madzi a mvula pansi. Anawonjezera, akuyang'ana ine, kuti zimene zimapha njanji si madzi okha. Pali anthu amene amamasula mabawuti ndi zitsulo usiku kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo ena amakazipangira makasu ndi ngolo. Ndinamva kulemera kwa mawuwo, poti ife a malonda a zitsulo timadziwa kuti chitsulo chobedwa sichisowa msika. Mwana anabweza mwala pamalo pomwe anautola.

Cha m'ma 1 koloko ndinayamba kutaya mtima. Amalume anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kutseka maso awo.

Itangokwana 3 koloko, mbuzi zinadzutsa mitu. Kenako kulira kwa hutala, kutali, kummwera. Ana anatulukira mbali zonse, sindikudziwa kumene anali. Njanji inayamba kulira yokha sitimayo isanaoneke, kaphokoso kakang'ono ngati ka waya wokokedwa. Ndinagwira dzanja la mwana n'kumubweza m'mbuyo. Injini inatulukira pang'onopang'ono, yaikulu kuposa mmene ngakhale ine ndinkakumbukirira, nthaka ikunjenjemera, ndipo pambuyo pake mabogi a mathanki akutsatana, kete-kete, kete-kete. Mwanayu sanakuwe ngati anzake. Anawerama, maso ali pa matayala, kufuna kuona mlomo uja.

Nditacheuka ndinapeza amalume ataimirira popanda ndodo, atatenga bolopeni yanga ndi lisiti la kunyumba ya alendo, akulemba manambala a mabogi kuseri kwake mmene akudutsa, mwachangu, osayang'ana pepala. Zaka pafupifupi 30 chipumireni ntchito, dzanja silinaiwale.

Sitima sinaime. Woyendetsa anakweza dzanja, ana anamubwezera, bogi yomaliza inadutsa, phokoso linazilala cha ku Salima. Kanjanji kolowera kudoko kanatsala mmene kanalili, ndi udzu wake.

Amalume anawerenga manambala awo kawiri, anapinda pepala n'kuliika m'thumba la malaya. Anati mafuta amenewo akupita ku Kanengo, kumene sitima za mafuta zinayambanso kufika mu 2024. Akakafika kumeneko, ena mwa iwo mwina adzakwera mathanki a pamsewu kudzera ku Kasungu ndi Chikangawa kuti atipeze. Anayang'ana kunyanja, kumene mwera unali utayamba kugwa, osanenanso kanthu.

Loweruka, Mzuzu

Tabwerera njira yomweyo, tafika usiku. Amalume miyendo yatupa, mayi a ana awathira madzi ofunda m'beseni ndipo andikalipira pang'ono kuti ndinawayendetsa kwambiri. Iwo ayankha okha kuti anadziyendetsa.

M'basi ndinali ndi nthawi yoganiza. Chifikireni ku Mzuzu ndamva kambirimbiri, pa misonkhano ndi pa wailesi, za njanji imene idzachokere ku Tanzania kudzera ku Karonga n'kutsika kummwera. Ndingakondwe kuiona. Koma aliyense amene anakwerapo Chiweta kapena phiri la pakati pa Nkhata Bay ndi Mzuzu akudziwa kuti tauni yathu ili pamwamba pa nyanja ndi mamita oposa 700, ndipo sitima ya matayala achitsulo sikonda chikweza. Njanji yoteroyo ndi ya ndalama zambiri komanso zaka zambiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nyanja ilipo kale, siifuna phula, siikumbika maenje. Doko la Nkhata Bay lilipo, la Chilumba lilipo, njanji ikudutsa pa Chipoka ndipo taiona ndi maso ikunyamula katundu. Chimene chaduka ndi kachidutswa kakafupi kaja ka pakati pa siteshoni ndi madzi, pamodzi ndi zombo zoti zidikire kumapeto kwake. Ndikudziwa kuti si zophweka: mchenga uyenera kukumbidwa, zombo zimafuna kukonzedwa, ndipo wamalonda ngati ine sangadikire simenti milungu itatu pamene thiraki limabwera m'masiku awiri. Chombo chitati chiziyenda pa tsiku lodziwika, mlungu uliwonse osaphonya, ine ndingakhale woyamba kulembetsa matumba anga, ndipo ndikudziwa anzanga a mumsika amene angachite chimodzimodzi. Simenti, feteleza ndi malata si tomato, siziwola panjira.

Pa Dwangwa tinaima nthawi yaitali chifukwa thiraki lina linafera pakati pa msewu, pamalo opapatiza. Amalume sanaliwerenge. Anali m'tulo.

Lamulungu, Mzuzu

Pochokera ku tchalitchi ndapeza ana asanu ndi mmodzi pabwalo la kwathu. Mwana wanga watulutsa chingwe chija, wajambula mizere iwiri pa dothi kuyambira pa mpopi mpaka pa geti, ndipo akuwafotokozera anzake m'Chitumbuka kuti sitima ilibe chiwongolero. Mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo akutsutsa mwamphamvu. Ena agwirana m'chiuno kukhala mabogi, wamng'ono kwambiri amuika pa mphambano ndi mpini wa khasu. Beseni la madzi ochapira aliika kumapeto kwa mizere, akuti ndi nyanja.

Amalume ali pakhonde, atafunda bulangete, miyendo ili pa mpando. Ayang'ana kwa kanthawi, kenako aitana mdzukulu wawo n'kuloza ndi ndodo cha pafupi ndi geti. "Apo mpata wachepa. Yezanso."